Momwe mungapitire ku nyanja ya Kaulime pa Nyika kuchokera kuno ku Chipata

Nyanja ya Kaulime ili pamwamba pa phiri la Nyika, mbali ya Malawi, makilomita pafupifupi 8 kumadzulo kwa kampu ya Chelinda. Ndi nyanja yokhayo yachilengedwe paphiri lonselo, chifukwa madamu amene ali pafupi ndi Chelinda anachita kumangidwa ndi anthu. Ndineneretu kuti ndi kanyanja kakang'ono. Wofuna madzi ambiri ndi mchenga apite ku Senga Bay. Ku Kaulime munthu amapitira nkhani zimene eni dera amasimba za madziwo, komanso nyama zimene zimabwera kudzamwa. Phirili ndi lathu lomwe: Zambia ili ndi kachigawo kake ka Nyika National Park ka masikweya kilomita pafupifupi 80, koma msewu wodalirika wokafikira kumeneko umadzera ku Malawi.

Choyamba sankhani mwezi. Kuyambira Meyi mpaka Okutobala msewu umakhala wouma. Mu Juni ndi Julayi kumazizira moti m'mawa udzu umayera ndi chisanu, pakuti mumakhala pamtunda wa mamita opitirira 2,000, pamene Chipata ali pa mamita 1,100 ndi kanthu. Juzi imene mumavala kuno mu Juni siikwana, tengani jekete ndi bulangete. Nthawi ya dzinja phiri limadzaza maluwa, mitundu ya orchid yoposa 200, koma matope ake si a galimoto yaing'ono.

Za mapepala mukuzidziwa: pasipoti, white book ya galimoto, kalata ya apolisi yotulutsira galimoto, ndi inshulansi ya COMESA Yellow Card. Chiphaso cha tsiku limodzi chodutsira pamalire musachidalire, ulendowu ndi wautali. Njira zilipo ziwiri. Mukhoza kutulukira pa Mwami, kudzera Mchinji ndi Kasungu, n'kulowa msewu wa M1. Ine ndimakonda ya ku Lundazi, makilomita pafupifupi 180 kuchokera kuno, kugona komweko, m'mawa n'kudutsa pa Lusuntha, kukatulukira pa Jenda, kenaka Mzuzu ndi Rumphi. Anyamata osintha ndalama pamalire amawerenga mofulumira dala, ndipo ndalama za ku Malawi zimakhala mpukutu waukulu. Werengani nokha, pang'onopang'ono, musanapereke zanu. Sinthani zokwanira, chifukwa mukapitirira Rumphi mwasiyana ndi banki.

Tsopano nkhani ya mafuta, imene ndikufuna muimvetse bwino. Kuchokera pa Rumphi kukafika ku Chelinda ndi makilomita opitirira 100, kudzera ku Bolero ndi pa geti la Thazima. Gawo lalikulu ndi msewu wafumbi ndi miyala, wokwera, ndipo galimoto imamwa mafuta kuposa momwe munaizolowerera pa tara. Muwerengere kupita, kubwera, ndi kuzungulira mkati mwa paki. M'paki musayembekeze kugulamo mafuta.

Ife tinafika pa Rumphi nthawi imene ku Malawi kunali vuto la mafuta, mapampu ali gwa, magalimoto atandandalika kudikira thanki imene palibe ankadziwa tsiku lake. Pambali panali anyamata a zigubu, mtengo wake wowirikiza, akulumbira kuti dizilo ndi wabwino. Tinagula kwa iwo. Galimoto inayenda bwinobwino mpaka pa Thazima. Titayamba chitunda inayamba kutsokomola, mphamvu n'kutha, utsi woyera kumbuyo, kenaka inazima. Dalaivala atamasula fyuluta, munali madzi ndi zinyalala. Pamalo amenewo foni siigwira, palibe mudzi, ndipo magalimoto amadutsa mwa apo ndi apo. Dzuwa litapendeka mphepo inayamba kuluma, ana ali m'galimoto. Anatipulumutsa ndi antchito a m'paki amene ankakwera ndi galimoto yawo, ndipo tinalowa ku Chelinda usiku.

Ndiye chitani izi. Dzazani thanki pa Lundazi. Mukapeza mafuta pa pampu ku Mzuzu, dzazaninso ngakhale thanki ili pakati, osanena kuti tikathira pa Rumphi. Ngati mukunyamula a m'zigubu kuchokera kuno, funsani akasitomu pamalire kuchuluka kumene amalola. Zikakukanikani mpaka kugula kwa anyamata, thirani pang'ono m'botolo loonekera mkati, liimikeni mphindi zingapo: madzi amakhala pansi, dizilo pamwamba, mzere wake umaoneka. Sefani pansalu yoyera pothira, ndipo zotsalira pansi pa chigubu musazikhuthulire m'thanki. Wogulitsa akakana kuti muyese, musiyeni. Fyuluta yapadera gulani kuno ku Chipata, kusitolo imene mumaidziwa, pakuti zotsika mtengo zina ndi katoni yokha yokongola. Matayala apadera akhale awiri. Ngati mukuchita hayala galimoto ku Mzuzu, mwini wake alowetse four wheel inu mukuona, ndipo mugwirizane pa pepala kuti ikawonongeka m'njira alipira ndani.

Pa Thazima mumalipira ndalama yolowera ya munthu aliyense ndi ya galimoto, ndipo mtengo wa alendo umasiyana ndi wa nzika. Sungani malisiti. Fikanipo masana asanapendeke, chifukwa kuchokera pa geti kukafika ku Chelinda pakadali maola. Msewuwo umayenda m'malire enieni a maiko awiriwa, moti pena mumakhala muli kwanu ku Zambia osadziwa, kufupi ndi nkhalango ya Chowo.

Mukagona ku Chelinda, pakati pa mitengo ya paini imene inabzalidwa m'zaka za m'ma 1950, pemphani woperekeza wa m'paki. Ku Kaulime mukhoza kufika nokha pa galimoto, koma mudzangoona madzi, bango ndi udzu. Pemphani munthu wobadwira m'midzi yozungulira phirili. Anthu ake ndi Atumbuka ndi Aphoka, ndipo ngati muli ndi mnzanu wa ku Lundazi kapena ku Chama wolankhula Chitumbuka, mutengeni, nkhani zimatuluka bwino m'chinenero cha eni ake. Mulonjereni kuti "monire adada", mufunse za kunyumba, za nyanjayo zibwere pambuyo.

Nkhani yodziwika kwambiri ndi ya chinjoka chimene amati chimakhala m'madzimo, ndipo ndicho mlonda wa nyama zonse za pa Nyika. Akuluakulu amasimba kuti makolo awo ankapita kumeneko kukapereka nsembe, makamaka mvula ikachedwa, ndipo munthu sankafikapo mwachisawawa. Wosimba aliyense amawonjezera zimene anamva kwa agogo ake, ndiye mukamva zosiyana musatsutse. Kumunsi kwa phiri, ku Nkhamanga, Atumbuka ali ndi nkhani ya Chikang'ombe, mzimu umene ankati umaoneka ngati njoka, umene ankapemphako mvula. Kwa ife Achewa zimenezi si zachilendo. Ku Msinja, ku kachisi wa Makewana, mayi wopempha mvula, kunali Thunga, njoka ya mzimu, ndipo nakonso nkhani inali ya mvula. Munthu amene amapita ku Mkaika chaka ndi chaka ku Kulamba sayenera kuseka nkhani ya Kaulime.

Pali chinanso chimene woperekeza sangayambe yekha. Paki ya mbali ya Malawi inakhazikitsidwa mu 1965, ndipo itakulitsidwa mu 1978 mabanja ambiri anasamutsidwa, n'kusiya minda, manda ndi malo awo opembedzera mkati mwa malire a paki. Munthu amene akukusimbirani za nyanjayi mwina ndi mdzukulu wa anthu amenewo. Ine zimandiwawa kuona alendo akuimika galimoto m'mphepete mwa madzi, nyimbo zili pamwamba, kutaya mabotolo, wina n'kumaponya miyala m'madzi kuti njokayo ituluke. Kaya mumakhulupirira kaya ayi, musasambemo, musaponyemo kanthu, ndipo funsani musanajambule munthu.

Pitani m'mawa kwambiri kapena chakumadzulo, zimitsani injini, mukhale chete pamtunda pang'ono. Ndi nthawi imene chilembwe, mbidzi, ntchefu ndi mphoyo zimatsikira kumadzi. Akambuku aliko ambiri pa Nyika, choncho ana asatalikire galimoto. Nkhungu ikagwa, zitunda zonse zimafanana, musayende wapansi popanda woperekeza. Mupatseni kangachepe pamapeto, kupatula ndalama ya ku ofesi.

Mafuta akatsala, pitani ku Nganda, nsonga yaitali kuposa zonse paphiripo, mamita pafupifupi 2,600, kapena ku thanthwe la Fingira kumene kuli phanga la zojambula zakale. Zakudya gulani ku Mzuzu, zinyalala bwererani nazo. Potsika gwiritsani ntchito magiya, osati mabuleki okha, ndipo nyamukani m'mamawa kuti pa Lusuntha mudutse asanatseke.