Yezani selo lililonse palokha musanatchaje batire

Ambiri amene amaulutsa ma drone kapena kuyendetsa tigalimoto ta rimoti amangokhudzitsa mita yoyezera magetsi pa waya wamkulu wa batire. Akaona mavolti (V) 11.4, basi mtima m'malo. Nambala imeneyi imapusitsa. Batire la mtundu wa LiPo, limene limagwiritsidwa ntchito m'zipangizozi, likalembedwa 3S ndiye kuti lili ndi maselo (timabatire ta mkati) atatu olumikizana motsatizana, ndipo mita imawerenga onse pamodzi. 11.4 ikhoza kukhala 3.8 katatu, zomwe zili bwinobwino. Ikhozanso kukhala 4.1, 4.1 ndi 3.2, kutanthauza kuti selo limodzi likufa koma anzake akulibisa.

Nambala zofunika kuzisunga pamtima n'zochepa. Selo la LiPo likadzaza limafika 4.2 V, ndipo lisapitirire pamenepo. Likatsika kupyola 3.0 V limawonongeka, moti ine ndimati mukaona 3.5 lekani kusewera. Batire loti likhala masiku angapo osagwira ntchito lisungeni selo lililonse lili pa 3.8.

Ngozi yaikulu imabwera potchaja. Tchaja ya wamba imangodikira kuti zonse pamodzi zifike 12.6. Selo lofooka likakakamira pa 3.9, awiri enawo amakankhidwa mpaka 4.35 kuti nambala ikwane. Apa m'pamene batire limatupa, kutentha, mwinanso kuyaka.

Kuyeza kwake sikuvuta. Pambali pa mawaya awiri aakulu pali kapulagi koyera ka timawaya ting'onoting'ono, kamene amakatcha balance. Pa 3S timawaya timakhala tinayi, pa 4S tisanu. Ikani mita pa DC, pa 20 V. Khudzitsani nsonga za mita pa waya woyamba ndi wachiwiri, limenelo ndi selo loyamba. Kenako wachiwiri ndi wachitatu, kenako wachitatu ndi wachinayi. Dzanja lisanjenjemere, chifukwa timabowo tili pafupi kwambiri ndipo nsonga za mita zikakhudzana mudzaona moto ukuthetheka. Amene angathe agule kachipangizo kotchedwa cell checker, kongolowetsa pa pulagi n'kuonetsa selo lililonse pakokha. Nkotsika mtengo kuposa batire latsopano.

Lembani zimene mwapeza m'kope, chifukwa mutu umaiwala. Maselo akasiyana ndi 0.02 kapena 0.03 musadandaule. Akasiyana kupyola 0.1, tchajani pang'onopang'ono pa tchaja yokhala ndi balance, kapulagi koyera kaja katalowetsedwa. Mukaligwiritsa ntchito yezaninso. Ngati ndi selo lomwelija limene latsikanso, batirelo latha, ngakhale kunja likuoneka lanyuwani.

Anyamata amene mumang'amba mabatire akale a laputopu n'kutolamo maselo obulungira otchedwa 18650 kuti mupange tochi kapena power bank, nkhaniyi ndi yanunso. Tchajani selo lililonse palokha, lisiyeni mlungu umodzi, muliyezenso. Limene latsika lokha osagwira ntchito musaliphatikize ndi anzake.

Potchaja, batire likhale pa simenti kapena mumphika wadothi, osati pa matiresi kapena pansi pa denga la udzu, makamaka m'nyengo yotentha ya Okutobala. Ndowa ya mchenga ikhale pafupi, ndipo inu musachoke. Batire lotupa musalifinye kapena kuliboola ndi msomali kuti mpweya utuluke. Litulutseni panja, muliike pamchenga kutali ndi ana ndi nkhuni.