Momwe mungadzitetezere ndege ikachedwa kunyamuka pa bwalo la ndege la Kamuzu (KIA)

Choyamba, ngati mukuchokera ku Salima, musanyamuke tsiku lomwelo lokwera ndege. Msewu wa M14 wopita ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 100 okha, koma Sienta ya pa Kamuzu Road siyenda isanadzaze, ndipo mafuta akasowa mtengo umakwera m'mawa womwewo. A ku Nkhotakota mukudziwa kale zomwe madzi amachita pa M5 nthawi yadzinja. Lawirirani ndi tsiku limodzi, mukagone kwa achibale ku Area 25 kapena ku Lumbadzi, kuti kukacha mukafike pabwalo la Kamuzu kutatsala maola atatu.

Chachiwiri ndi tikiti, ndipo apa ndi pomwe ndikufuna mumvetse bwino. Kuchoka ku Lilongwe kulibe ndege yopita molunjika ku London kapena ku Guangzhou. Mumayenera kusintha ndege ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg. Ndiye ndege yoyambayo ikachedwa, yachiwiri sikudikirani. Funso ndi lakuti: alipire ndani?

Ngati ulendo wonse uli pa tikiti imodzi, yokhala ndi nambala imodzi ya booking, kampani ya ndege imakukwezani ina yotsatira osawonjezera ndalama, ndipo katundu wanu amapita yekha mpaka komaliza. Koma ngati ndi matikiti awiri ogulidwa padera, kampani yachiwiriyo imangoona kuti simunabwere, basi. Mpando wapita, ndalama zapita, ndipo kawirikawiri amafafaniza ndi ulendo wobwerera womwe.

Ine anandichita zimenezi ndi ejenti wina wa pa WhatsApp amene mtengo wake unali wotsika kuposa onse. Anadula ulendo pawiri osandiuza, n'kusiya mpata wochepa pakati. Ndege itachedwa pa KIA ndinakafika geti itatsekedwa, ndipo mayi wa pakauntala anandionetsa nambala ziwiri zosiyana papepala langa lomwe. Foni ya ejentiyo sinayankhidwenso. Tikiti yogula pompopompo pabwalo la ndege imadula koopsa, ndipo kumeneko kwacha salandira.

Choncho musanatumize ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money, funsani nambala ya booking ija, ya zilembo ndi manambala 6. Ilembeni nokha pa webusayiti ya kampani ya ndegeyo pamodzi ndi dzina la bambo anu monga lilili m'pasipoti. Ndege zonse zioneke pamenepo. Onaninso ngati pali nambala ya tikiti ya manambala 13, chifukwa ena amangosungitsa malo osalipira, n'kukupatsani pepala lomwe limafa pakapita masiku ochepa. Mpata wosinthira ndege usachepere maola atatu. Kumbukirani kuti nthawi yolembedwa pa tikiti ndi ya kumaloko: ku Addis Ababa ndi ku Nairobi ali patsogolo pathu ndi ola limodzi, pomwe Johannesburg timafanana nayo.

Chachitatu, akalengeza kuti ndege ichedwa, musangokhala pampando. Pitani pakauntala nthawi yomweyo, aonetseni ndege yachiwiriyo, muwapemphe asinthiretu mukadali ku Lilongwe. Funsani za chakudya, komanso za hotela ngati kuchedwako kukugonetsani panjira. Musataye boarding pass ndi kapepala ka katundu kaja, ndi umboni wanu.

M'chikwama cham'manja muikemo zovala zosinthira, mankhwala anu, chaja ndi power bank, yomwe saloleza m'chikwama chachikulu. Zamadzimadzi zisapitirire 100 ml botolo lililonse. Madola ochepa akhale m'thumba. Yambani kufunsa kubanki kukadali milungu, chifukwa mavenda a mumsewu amadulitsa ndipo ena amasakaniza ndi zachinyengo. Khadi la yellow fever litengeni ngati mukudzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi.

Wokakuchingamirani mumutumizire nambala ya ndege, osati nthawi yofikira yokha, kuti azitsatira yekha pa intaneti.