Momwe amayi achikulire okhala okha angalimbitsire miyendo kuti asamagwe

Ana akapita kutauni kapena ku Joni, mawu amene amasiyira mayi awo amakhala akuti, "Amayi, muzingokhala, musamadzivute." Amanena mwachikondi, koma miyendo yongokhala pamkeka imafooka msanga, ndipo miyendo yofooka ndi imene imagwetsa munthu pakhomo la bafa. Kwa amayi vutoli ndi lalikulu chifukwa akasiya kusamba mafupa amayamba kupepuka, moti kugwa kamodzi kokha kukhoza kuthyola fupa la m'chiuno.

Mu 1997 akatswiri a pa Yunivesite ya Otago ku New Zealand anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa amayi a zaka 80 kupita m'tsogolo omwe ankakhala m'nyumba zawo. Amene anaphunzitsidwa masewera olimbitsa miyendo ankagwa mocheperapo kusiyana ndi anzawo. Ambiri mwa masewerawo amangofuna mpando ndi khoma, ndipo mukhoza kuwachita pakhonde panu, agogo.

Choyamba, pitani kuchipatala akakuyezeni BP ndi shuga. Mankhwala ena a BP amabweretsa chizungulire mukadzuka mofulumira. Musawasiye nokha, koma awuzeni adokotala. Ayang'anenso maso, pakuti ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni.

Chachiwiri, ndipo ichi ndicho ndimachiona chofunika kuposa zonse, ndi kudzuka pampando. Tengani mpando wolimba, osati wapulasitiki woterereka, muutsamiritse kukhoma. Khalani chakutsogolo, mapazi atalikirane pang'ono ndipo apondetse pansi. Weramirani kutsogolo mpaka mphuno ifike pamwamba pa zala zakuphazi, kenako imirirani. Pokhalanso musadziponye, tsikani pang'onopang'ono, chifukwa mphamvu ya ntchafu imakula kwambiri potsikapo. Yambani ndi maulendo 5 mukudzithandiza ndi manja onse awiri. Zikapepuka gwiritsani dzanja limodzi, kenako pindani manja pachifuwa mufike maulendo 10. Minofu imeneyi ndi yomwe imakudzutsani pachimbudzi chonjuta ndi pamoto mukatha kuphika. Ikatha, ufulu wokhala panokha umathanso.

Chachitatu, imani chogwira khoma kapena zenera. Nyamukani pa zala zakuphazi maulendo 10, kenako imani pa zidendene zala zili m'mwamba. Akakolo akalimba, phazi silikokera pansi n'kupunthwa pa mwala.

Chachinayi ndi kuphunzitsa thupi kuti lisamadzandire. Ikani phazi limodzi kutsogolo kwa linzake, chidendene chikhudze zala, muwerenge mpaka 10. Sinthani mapazi. Kenako imani ndi mwendo umodzi. Mukazolowera, yendani motsatira khoma mapazi ali mumzere umodzi, ndiponso yendani chammbali. Kugwedezeka pang'ono kusakuopseni, ndiko kuphunzira kwake; chachikulu dzanja likhale pafupi ndi pogwira. Mwina munganene kuti, "Ine ndimalima, ndimatunga madzi kumjigo, nanga izi n'zachiyani?" Ntchitozo n'zabwino ndipo musazisiye, koma siziphunzitsa mwendo kudzigwira pamene mwaterereka mwadzidzidzi.

Chitani zimenezi masiku atatu pa sabata, ndipo masiku enawo muziyenda. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo kuti azichita zinthu zolimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata. Ulendo wa kutchalitchi, kumzikiti, kuchigayo kapena kudimba umawerengedwa, bola muziyenda mwachangu ndithu. Mukamva kupweteka pachifuwa, kubanika kapena chizungulire, lekani, mupite kuchipatala.

M'nyumba pindani mkeka mukatha kukhalapo, ikani tochi pafupi ndi pogona, ndipo mukadzuka usiku yambani mwakhala kaye m'mphepete mwa bedi. Patapata pa simenti yonyowa ndi woopsa. Chitenje chisakwekwerere pansi. Ndodo si chamanyazi. Pa ndiwo, usipa ndi matemba odyera limodzi ndi minga yake amathandiza mafupa, chimodzimodzi mkaka ndi masamba monga bonongwe.

Chomaliza, phunzirani kudzuka pansi tsiku limene mdzukulu kapena mnansi ali pafupi. Gubudukirani kumbali, dzukani ndi manja ndi mawondo, kwawani mpaka pampando, ikani manja pampandopo, pondetsani phazi la mwendo wamphamvu, kenako dzikwezeni mukhale. Ngati mwagwa ndipo m'chiuno mukupweteka kwambiri kapena mwendo sukutheka kuponda, musadzikakamize kudzuka; itanani anthu. N'chifukwa chake foni izikhala m'thumba osati patebulo, ndipo mugwirizane ndi mnansi mmodzi kuti azikudzutsani m'mawa uliwonse.