Momwe mungayambitsire ana aang'ono sayansi ndi zinthu zapakhomo

Kuno ku Kasungu tikamakamba za luso la manja, dzina limene limabwera msanga pakamwa ndi la William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala, kwa Wimbe. Njala ya 2001 ndi 2002 itamusiyitsa sukulu ya sekondale chifukwa chosowa fizi, mnyamatayu ali ndi zaka 14 anatolera zitsulo zotayidwa, fani ya thirakitala, njinga yakutha ndi mitengo ya bulugamu n'kumanga makina opanga magetsi ndi mphepo. Anthu amasimba za makinawo, koma ine chimene chimandigwira mtima ndi manja amene anawamangawo. Manja otere amayamba kuphunzira mwana ali ndi zaka 2 kapena 3, pamene amathira madzi m'kapu, n'kukhuthula, n'kuthiranso, ife akulu tili kumbaliku kumukalipira kuti akuwononga madzi otunga kutali.

Ndalera ana pa sukulu ya mkombaphala ya m'mudzi mwathu kwa zaka zingapo. Zidole za m'sitolo tilibe. Zimene ndalemba pano tonse tingazipeze pakhomo, ndipo n'za ana amene sanafike zaka 6 zoyambira sitandade 1.

Musanayambe

Choyamba sankhani zipangizo mosamala. Botolo kapena chigubu chimene munali mankhwala a fodya kapena a mbewu za m'munda chisafike m'manja mwa mwana, ngakhale mutachitsuka kangati. Chimodzimodzi mbewu yogula ija yopakidwa mankhwala ofiira kapena obiriwira. Nsatsi nazo ayi: njere zake n'zokongola ndipo ana amazikonda, koma zili ndi poizoni. Mwana wosakwana zaka 3 musamusiyire mtedza, nyemba, timiyala kapena zitsekerero za mabotolo, chifukwa chilichonse chimathera m'kamwa kapena m'mphuno. Ndipo pamene pali ndowa kapena beseni la madzi, wamkulu asachokepo ngakhale pang'ono. Foni ikalira m'nyumba, nyamulani mwanayo mupite naye. Mwana wamng'ono amatha kumira m'madzi ongofika m'kakolo.

Chachiwiri n'chovuta kwa ife akulu: gwirani pakamwa. Mukapereka chinthu m'manja mwa mwana, funsani kuti, "Ukuganiza kuti chichitika n'chiyani?" Kenako dikirani. Akalakwa musamuseke, musamuuzenso yankho. Muuzeni ayese aone yekha. Mphindi 10 kapena 15 n'zokwana. Akatopa n'kuyamba kuthamangitsa nkhuku, za tsikulo zatha.

Beseni la madzi: chimira n'chiti, chiyandama n'chiti?

Ikani beseni pamthunzi ndipo thiranimo madzi mpaka theka. Tumani anawo akatole zinthu pabwalo: mwala waukulu ngati chibakera chawo, chitsononkho chouma, tsamba, kamtengo, nthenga ya nkhuku. Inu onjezerani supuni yachitsulo, mbale yachitsulo ndi lalanje.

Mwana atenge chinthu chimodzi, achigwire kaye, anene ngati chimira kapena chiyandama, ndiye achiike m'madzi. Zomira aziike mulu wake, zoyandama mulu wake. Wa zaka 2 sanganene zambiri, iye n'kungoponya ndi kuwomba madzi basi, ndipo zimenezo n'zokwanira pa msinkhu wake. Wa zaka 4 kapena 5 amafulumira kupanga lamulo lake: zazikulu zimamira, zazing'ono zimayandama.

Apa ndi pamene pali pokoma. Mupatseni supuni. Imira. Mupatseni mbale yachitsulo, yaikulu kuposa supuniyo, aiike pamadzi chagada. Iyandama. Mdzukulu wanga atawona izi anakhala chete kwa kanthawi, akuyang'ana mbale, akuyang'ana supuni pansi pa beseni. Kenako anati, "Agogo, mbaleyi yakana." Anaikankha ndi chala, madzi analowa, inamira. Anaivuula, n'kukhuthula, n'kuikanso. Anachita zimenezi kosawerengeka, ndipo sindinamusokoneze.

Inu akulu dziwani chifukwa chake, kuti funso likabwera musasowe chonena. Madzi amakankhira m'mwamba chinthu chilichonse chimene chalowamo, ndipo mphamvu yake imalingana ndi kulemera kwa madzi amene chinthucho chawasuntha. Mbale ndi yotambalala, m'kati mwake muli mpweya wokhawokha, choncho imasuntha madzi ambiri isanamire. Ndi chifukwa chomwecho sitima ya Ilala, yachitsulo chokhachokha, yakhala ikuyandama pa nyanja ya Malawi kuyambira 1951. Kwa mwana ingonenani kuti mbale ili ndi mimba, supuni ilibe.

Pitirizani poika timiyala m'mbale yoyandamayo, kamodzikamodzi, mukuwerenga nawo mokweza mpaka itamira. Masamu alowa kale pamenepo. Pomaliza ikani lalanje losasenda, liyandama. Lisendeni, nthawi zambiri limira, chifukwa khungu lake ndi limene limasunga timpweya. Likatero litsukeni ndi madzi abwino mugawane.

Mlatho wa pepala ndi wa mapesi

Ikani njerwa 2 pansi, pakati pake patalike ngati chikhatho chanu. Yalani pepala la m'kope lakale pamwamba pa njerwazo. Uzani mwana kuti uwu ndi mlatho, aikepo kamwala. Pepala ligwera pansi.

Tsopano tengani pepala lina mulipinde uku ndi uku, mizeremizere, lioneke ngati malata. Liikeni kuti mizereyo ichoke pa njerwa iyi kukafika pa inayo. Mwana aikenso timiyala. Pepala lomwe lija tsopano linyamula timiyala tingapo. Musafotokoze kanthu. Ingolozani denga la malata la nyumba kapena la tchalitchi, mufunse ngati akuona chofanana. Ena amaona pomwepo, ena amadzakuuzani patapita masiku.

Ikatha nyengo yokolola mapesi amangoti mbwee m'minda, ndipo ndi abwino kwambiri pa ntchitoyi. Duleni inu akulu, muchotse timinga ta m'mapeto, chifukwa khungu la phesi likang'ambika limacheka ngati lezala. Yambani ndi phesi limodzi, kenako atatu omanga pamodzi ndi luzi, kenako asanu. Pa mlatho uliwonse adutsitsepo galimoto yawo ya dongo kapena ya mawaya. Kenako talikitsani njerwa zija. Mlatho umene unali wolimba uyamba kupindika pakati. Afunseni kuti tichite chiyani. Pa gulu la ana 10 sipalephera mmodzi wothamanga kukatenga njerwa yachitatu n'kuiika pakati. Mwana ameneyo wapeza yekha chimene amisiri amachita poika zipilala pansi pa milatho ikuluikulu. Tsiku lina mukadzadutsa naye pa mlatho wa Bua popita ku Lilongwe, mukumbutseni njerwa yake ija.

Mlatho ukagwa musathamangire kuukonza. Ine poyamba ndinkawamangira, poopa kuti alira. Ndinadzaona kuti mlatho womanga ine ankangouyang'ana, koma wao wokhotakhota ankaubwerera mawa lake.

Chidede, ndimu ndi soda

Iyi ndi imene ana amaikonda kuposa zonse, ndipo amayi ambiri amadabwa nayo kuposa anawo. Wiritsani chidede chofiira chodzaza dzanja m'madzi pang'ono. Ngati chidede palibe, masamba ofiira a limanda amagwiranso ntchito. Kuwiritsaku ndi kwa akulu, ana akhale kutali ndi moto. Madziwo akazizira, asefeni ndi kuwasungunula ndi madzi ena kuti akhale ofiirira koma oonekera.

Dulani mabotolo 3 a pulasitiki oyera kuti akhale ngati makapu, ndipo thirani madzi ofiirawo mofanana. Kapu yoyamba isiyeni, ndiyo yoyerekezera. M'yachiwiri mwana afinyiremo ndimu: kufiira kwake kuwala kwambiri. M'yachitatu athiremo theka la supuni yaing'ono ya soda, yemweyu wothira m'therere. Pachita kathovu pang'ono, ndipo madzi aja ada n'kusanduka obiriwira mwakuda. Ana amakuwa. Kenako finyirani ndimu wambiri m'kapu ya sodayo. Thovu likwera, kumveka kuti fwaa, ndipo kufiira kuyamba kubwerera.

Chikuchitika n'chakuti utoto wa m'chidede umasintha malinga ndi chimene wakumana nacho. Ndimu ali ndi asidi, soda ndi wotsutsana ndi asidi. Ziwirizi zikakumana zimatulutsa mpweya wa carbon dioxide, womwe uja umachita thovu mu Fanta. Uzani mwana ayandikitse khutu amve phokoso, koma asamwe za m'kapu ya soda, ndipo asambe m'manja asanatikite m'maso chifukwa ndimu amalasa.

Nyemba m'botolo

Ana a kuno amaona makolo awo akuthirira nazale ya fodya ndi kubzala chimanga, koma chimene chimachitika pansi pa nthaka sachiona. Tengani nyemba 4 kapena 5 za ndiwo, muziviike usiku umodzi. Dulani botolo loyera, ikanimo kansalu kakale konyowa, ndipo lowetsani nyembazo pakati pa nsalu ndi khoma la botolo kuti zizioneka. Ngati mwana ndi wosakwana zaka 3, nyembazo gwirani ndinu, ndipo botolo likhale pamwamba pomwe sangafikire yekha.

Nsalu ikhale yonyowa chabe. Ulendo woyamba ine ndinalola ana kuti azithirira aliyense akafuna. Botolo linadzaza madzi, nyemba zinavunda, fungo lake kalasi yonse. Mbewu imafuna mpweya kuti imere, monga amadziwira aliyense amene munda wake wa kudambo unasefukirapo. Kuyambira pamenepo timasankha mwana mmodzi patsiku, wothira supuni imodzi.

Pakatha masiku 3 mpaka 5 mutuluka kamuzu koyera. Ana ambiri amayembekezera masamba, choncho muzu kutsogola ndi nkhani kwa iwo. Ukatalika ngati chala cha mwana, gonekani botolo cham'mbali. Pofika mawa kapena mkuja nsonga ya muzu ikhala itakhotera pansi. Mutaligoneka mbali inanso, ukhoteranso pansi. Ngati mwakonza mabotolo 2, limodzi livundikireni ndi mphika. Pakatha sabata yerekezani: za pansi pa mphika zikhala zazitali, zowonda, zachikasu, pamene za poyera zili zobiriwira. Zobiriwirazo akazibzale kuseri kwa nyumba, zikhale zake.

Chithunzithunzi ndi mphepo

Izi sizifuna kanthu. M'mawa mwana aime pabwalo, inu mujambule mapazi ake ndi chithunzithunzi chake pansi ndi khala kapena kamtengo. Abwererenso pamapazi omwewo dzuwa lili paliwombo, ndiponso likapendeka. M'mawa chithunzithunzi n'chachitali, choloza kumadzulo, mbali ya ku Zambia. Masana chimafupika n'kubisala kumapazi. Madzulo chimatalikanso, koma choloza kum'mawa. Mukumbutseni kuti asayang'ane dzuwa.

Za mphepo dikirani Ogasiti, pamene imawomba mpaka kuulutsa fumbi m'misewu. Tengani tsamba lolimba la mango. Kuyambira pakati kupita kunsonga, chotsani mbali yakumanja ya tsambalo. Kuyambira pakati kupita kuphata, chotsani mbali yakumanzere. Boolani kabowo pakati pa msana wa tsamba, lowetsani kaudzu kolimba, ndipo kumapeto kwake bayaniko kachidutswa ka m'kati mwa phesi kuti tsamba lisavuke ndiponso nsonga isabaye munthu. Mwana akaloza kumene kukuchokera mphepo, kapena akathamanga nalo, tsambalo lizungulira. Likakana, kulitsani bowo kapena pindani pang'ono mapiko ake. Musiyeni ayesenso ndi tsamba la mtengo wina, laling'ono ndi lalikulu, anene limene likuthamanga kwambiri.

Ngati pakhomo pali njinga ya dayinamo, kapena amalume ake a kabaza ali nayo, madzulo ena muigadamitse, mukhudzitse dayinamo kutayala, mupalase ndi dzanja. Manja a mwana akhale kumbuyo, kutali ndi masipoko ndi tcheni. Mukapalasa pang'onopang'ono nyale ingoti phethiphethi, mukafulumiza iwala, mukasiya izima. Kamkwamba uja anamangirira dayinamo ya njinga ngati yomweyo ku mapiko ozungulira ndi mphepo. Mdzukulu wanga ataona nyale ikuyaka anathamangira m'nyumba kukatenga tsamba lake la mango, n'kundifunsa kuti, "Agogo, nanga langali tilimangirire pati?" Tinakhala pakhondepo mpaka mdima, tikufunafuna pomangirira.