Kupanga sopo pakhomo ndi batala

Mwafunsa ngati batala angalowe m'sopo wa munthu amene akungoyamba kumene. Angalowe ndithu, koma pang'ono, chifukwa akachuluka sopoyo amanunkha ngati chambiko chogonera.

Choyamba sungunulani batalayo pa moto wochepa, muyengule thovu la pamwamba, ndipo musefe ndi nsalu yoyera kuti patsale mafuta okhaokha opanda madzi. Yezani pa sikelo magalamu 100 a mafutawa, 900 a mafuta a mawese, 137 a kositiki soda (soda wowotcha wopangira sopo, osati wophikira) ndi 330 a madzi ozizira. Musayeze ndi kapu, pakuti soda akapitirira muyezo sopo amawotcha khungu.

Valani magolovesi ndi magalasi, ana akhale kutali, ndipo ntchitoyi muigwirire pabwalo. Thirani soda m'madzi pang'onopang'ono uku mukutakasa, osathira madzi mu soda, chifukwa zimawira mwadzidzidzi n'kukuthovukirani kumaso. Poto wa aluminiyamu musamukhudzitse n'komwe, popeza soda amamudya. Chidebe cholimba cha pulasitiki ndicho chabwino.

Madzi a sodawo ndi mafuta osungunuka zikazirala kufika pa madigiri 40, phatikizani ndi kutakasa mpaka zitalimba ngati phala, moti mukadonthezapo pamwamba mzere wake uzioneka.

Khuthulirani m'bokosi loyalamo pulasitiki, mufunditse bulangeti masiku awiri, kenako mudule. Sopoyo aume kwa milungu inayi, koma kuno ku Mzuzu, kumene mvula ndi chinyezi zimakhalitsa, ine ndimalangiza milungu isanu ndi umodzi, pa thandala pomwe mphepo ikudutsa.