Akakuitanirani ku supra ku Georgia, pitani muli ndi njala

Inu amene mukukonza ulendo wa ku Georgia, dziko lija la kumapiri a Caucasus, ndikupempheni chimodzi: wina akakuitanirani ku supra musakane, komanso musadyeretu. Supra ndi phwando lawo, ndipo mbale zimangobwerabe mpaka kusanjikizana patebulo. Muzitapa pang'onopang'ono, chifukwa nyama yowotcha imabwera mochedwa.

Patebulopo pamakhala tamada, wotsogolera mawu a mafuno abwino. Iye akamalankhula, kapu ya vinyo ingoigwirani. Mumwe akamaliza, onse atayankha kuti "Gaumarjos". Amatchula makolo, omwalira, ana, mtendere, ndipo nanunso alendo sakuiwalani. Zimandikhudza mtima kwambiri zimenezi. Ngati simumwa, nenani mwaulemu poyambirira pomwe.

Khinkali musaiboole ndi foloko. Ndi ufa wa tirigu wokanda, wokutira nyama ndi msuzi wake. Gwirani kamfundo kapamwambako, lumani pang'ono m'mbali, yambani mwamwa msuzi wotenthawo, kenako idyani. Kamfundoko amakasiya m'mbale. Khachapuri (buledi wa tchizi) ya ku Adjara, chigawo china cha dzikolo, imaoneka ngati bwato: sakanizani dzira, batala ndi tchizi zikadali zamoto, muzinyema buledi wam'mbali n'kumasunsa.

Mukapeza tsiku, kwerani marshrutka, minibasi yawo, pa siteshoni ya Didube mu Tbilisi, likulu la dzikolo. Ndi maola ngati 3 kukafika ku Stepantsminda, kumene tchalitchi cha Gergeti chili pamwamba pa phiri, mamita pafupifupi 2,170. Tengani juzi ndi ndalama za lari m'manja. Amayi, musaiwale duku ndi chitenje, popeza m'tchalitchi amafuna mutu wofunda ndi siketi. Abambo, buluku lalitali.