Kukonza kaboti kakang'ono ndi kusankha injini yake: yambani ndi tepi yoyezera

Munthu akangopeza kaboti kakang'ono funso lake loyamba limakhala loti ndiikepo injini ya mahosipawa angati. Inenso ndinayambira pomwepo, ndipo injini yanga yoyamba inapsa isanathe miyezi itatu pa chifukwa chomwe tepi yoyezera ikanachigwira pa mphindi imodzi. Ndiye ndikufotokozereni momwe ndimachitira pano. Kaboti komwe ndikunena ndi kaja ka mamita atatu mpaka anayi, ka faiba, ka aluminiyamu kapena kopopa, kokwera anthu awiri atatu ndi tikatundu pang'ono.

Musanaganize za injini, onani kaye botilo. Maboti ambiri a kufakitale amakhala ndi kachitsulo komata mkati chakumbuyo, kolembapo anthu angati, makilogalamu angati, komanso injini yaikulu kufika pati yomwe botilo lingasenze. Jambulani kachitsuloko pa foni chifukwa mudzakafuna pogula. Kenako pitani pa thabwa lakumbuyo lomwe injini imakhalapo, lomwe amalitcha transom. Ligogodeni ndi chogwirira cha sikuludiraiva, likamalira mouma ndiye lili bwino, koma likamamveka ngati mukugogoda katoni yonyowa ndiye kuti pulaiwudi ya mkati mwa faiba inamwa madzi ndipo yayamba kuola. Mphamvu yonse ya injini imakankha pa thabwa limeneli, ndiye ngati lafooka konzani kaye, za injini zidikire. Onaninso kachotsekera ka bowo lotulutsira madzi, ndipo gulani kena kapadera mumangirire ndi kachingwe pafupi pomwepo. Zomata ming'alu ndi kupenta sindikambapo, zimenezo mukuzidziwa.

Tsopano pomwe ndikufuna tichedwepo. Tengani tepi, muyeze thabwa lakumbuyo lija pakati penipeni, kuchokera pamwamba pomwe injini imakola mpaka pansi pa boti. Mukapeza mainchesi 15, omwe ndi pafupifupi masentimita 38, boti lanu likufuna injini ya mwendo waufupi, short shaft (mwendo ndi mbali ya injini yotsikira m'madzi, ya pulopela). Mukapeza mainchesi 20, pafupifupi masentimita 51, likufuna ya mwendo wautali, long shaft. Palinso ya mainchesi 25 koma imeneyo si ya timaboti tathuti. Chomwe mukufuna n'chakuti kachitsulo kopyapyala kaja kamene kali pamwamba pa pulopela kakhale mu mzere umodzi ndi pansi pa boti, kapena kutsikirapo pang'ono, masentimita awiri atatu. Ntchito ya kachitsuloko ndi kuletsa pulopela kukoka mpweya wa pamwamba pa madzi, ndipo pansi pake pang'ono ndi pomwe pali timabowo tomwe injini imamwera madzi oziziritsira.

Ine sindinayeze. Ndinapeza injini ya kaunjika kwa mkulu wina wogulitsa zinthu za maboti, mtengo wake pafupifupi theka la yatsopano, anailiza mu mgolo wa madzi ndikuona, ikulira bwino ndithu. Nditafunsa ngati ikwane pa boti langa anangoti injini ndi injini bwana, bola mwaimanga molimba. Boti langa thabwa lake ndi la mainchesi 20, injiniyo inali ya 15, ndipo mkuluyo ankadziwa kusiyana kwake chifukwa ntchito yake ndi yomweyo, kungoti ankafuna ichoke. Choipa cha vutoli n'chakuti silioneka tsiku loyamba. Ndikakhala ndekha kumbuyo madzi ali bata, kulemera kwanga kumamiza kumbuyo kwa boti ndiye pulopela imagwira madzi, ine n'kumati zonse zili bwino. Tsiku lomwe ndinakweza mnzanga n'kukhala kutsogolo, kamphepo katayamba, kumbuyo kunadzuka. Funde lililonse likadutsa pulopela imatuluka, injini n'kukuwa ngati ikufuna kuthyoka koma boti osasuntha, kenako n'kugwiranso madzi mwadzidzidzi. Ine maganizo onse anali pa mafunde, ndimawonjezera moto kuti tifike msanga kumtunda, sindinacheuke kuona kuti kamadzi kaja kamene injini imalavula kumbuyo kasiya kutuluka. Timabowo tomwera madzi tinali m'mwamba. Pampu ya madzi ya injinizi ili ndi kagudumu ka labala kotchedwa impela, ndipo kakazungulira kouma sikachedwa kupsa ndi kuthothoka mapiko. Kanapsa, injini inatentha mpaka penti wa pamutu pake kusintha mtundu, n'kuzima. Tinabwerera ndi nkhafi, maola awiri tikupalasa molimbana ndi mphepo, ndipo makaniko atatsegula anapeza gasiketi yapsa, pisitoni yakalika. Ndalama yokonzera inatsala pang'ono kufanana ndi yomwe ndinagulira.

Ena anandiuza kuti ndingodula thabwalo litsike ndi mainchesi asanu. Ndinakana ndipo inunso musavomere, chifukwa thabwa limenelo ndi lomwe limatchinga funde lochokera kumbuyo, ndipo mukachepetsa moto mwadzidzidzi madzi omwe boti lakoka amabwera kudzamenya pomwepo. Kulakwitsa kwa mbali inayo, mwendo wautali pa thabwa lalifupi, n'kopepukirako. Injini sipsa, kungoti mwendo umamira kwambiri, umakoka madzi, mafuta amatha msanga komanso mumagunda miyala ndi mchenga pamalo osaya. Kumeneko mutha kukweza ndi thabwa lolimba lomangidwa ndi mabawuti osachita dzimbiri. Koma pogula nyamulani tepi yanu, muyeze injiniyo nokha kuchokera mkati mwa pokolera mpaka pa kachitsulo kaja ka pamwamba pa pulopela, musadalire zomwe wogulitsa akunena ngakhale zomwe zalembedwa pa chivundikiro, chifukwa zivundikiro amasinthanitsa.

Mukathana ndi mwendo ndiye tikambe za mahosipawa. Apa dzifunseni kuti mukufuna boti lizingoyenda kapena lizidzuka pamwamba pa madzi. Boti la mamita atatu ndi theka likamayenda litakhala m'madzi liwiro lake limathera pafupifupi pa makilomita 8 pa ola, ndipo kufika pamenepo injini ya 2.5 kapena 3.5 imakwanitsa bwinobwino. Mukaika ya 5 kapena 6 muli anthu awiri ndi katundu, nthawi zambiri simuwonjezera liwiro lenileni, boti limangokweza mphuno, kukumba dzenje kumbuyo ndi kumwa mafuta. Kuti lidzuke n'kumatsetsereka pamwamba muli awiri mumafunika kuyambira 8 kapena 9.9, ndipo ngati mumanyamula katundu 15, koma pokhapokha kachitsulo ka kufakitale kaja kakulola. Musapyole nambala yolembedwapo. Boti laling'ono lokhala ndi injini yoposa msinkhu wake limapendama pokhota ndipo kumbuyo kumamira.

China chomwe anthu amaiwala ndi kulemera. Injini ya 2.5 imalemera makilogalamu 13 mpaka 17, mumainyamula ndi dzanja limodzi ndipo kathanki kake kali pamutu pomwepo. Ya 15 ya two-stroke, yosakaniza petulo ndi oyilo, ili cha m'ma 36 mpaka 40, ya four-stroke, yosasakaniza, imafika cha m'ma 45 mpaka 50. Ngati muzichotsa injini tsiku lililonse poopa akuba, ganizirani za msana wanu komanso kuti muziitsitsira pa boti lomwe likugwedezeka. Ine pano ndili ndi 9.9 ya mwendo wautali ndipo sindingapyole pamenepo.

Two-stroke kapena four-stroke? Two-stroke ndi yopepuka, zitsulo zake n'zochepa, makaniko aliyense amaidziwa ndipo mutha kuigoneka mbali iliyonse. Koma imamwa mafuta ambiri, imatulutsa utsi, ndipo petulo wake mumasakaniza ndi oyilo. Zambiri zimafuna 50:1, kutanthauza mamililita 100 a oyilo pa malita 5 a petulo, koma onani buku la injini yanu chifukwa zina ndi 100:1 ndipo zakale zina ndi 25:1. Oyilo wake akhale wa injini za pamadzi, wolembedwa TC-W3, osati wa njinga yamoto kapena wa makina ochekera mitengo. Apa ndipo pali chinyengo chambiri, mabotolo akale amawadzazanso oyilo wamba n'kumata bwinobwino, ndiye mukaona mtengo watsika modabwitsa kapena chotsekera chikuoneka kuti chinatsegulidwapo, musiyeni. Four-stroke ndi yodula pogula komanso yolemera, koma ili phee, mafuta imamwa pang'ono, ndipo simusakaniza kanthu. Vuto lake n'lakuti ili ndi mbali yake yogonekera, mukaigoneka molakwika oyilo amalowa mu silinda ndi mu kabuleta. M'mayiko ena monga a ku Europe ma two-stroke akale a kabuleta sagulitsidwanso atsopano kwa anthu oyendera zosangalatsa chifukwa cha malamulo a utsi, ndiye fufuzani za komwe muli.

Pa dzina la kampani, Yamaha, Suzuki, Tohatsu, Honda ndi Mercury onse amapanga injini zazing'ono zabwino, ndipo ine sindikangana ndi munthu pa zimenezo. Sankhani yomwe masipeya ake mungawapeze msanga komanso makaniko wapafupi amaidziwa. Evinrude inali dzina lalikulu kwa zaka zoposa 100 koma anasiya kupanga mu 2020, ndiye mukapeza ya kaunjika funsani kaye ngati impela ndi magasiketi ake akupezeka. Ziliponso zina zotchipa zotengera maonekedwe a makampani akuluakuluwa, mtundu wa penti womwewo, zomata zofanana. Zina zimagwira ntchito ndithu kwa kanthawi, koma wogulitsa akuuzeni chilungamo kuti n'chiyani, asakulipiritseni mtengo wa yeniyeni.

Ngati mukugula ya kaunjika, pitani injini ili yozizira, igwireni pamutu kaye, chifukwa ena amaitenthetsa inu musanafike kuti ilire ndi chikoka chimodzi. Ilire mwendo uli m'madzi, wogulitsa yemwe akuiliza pouma ngakhale kwa masekondi ochepa wakuonongerani kale impela. Onani kamadzi kolavula kaja ngati kakutuluka mwamphamvu. Masulani pang'ono bawuti ya pansi ya giyabokosi muone oyilo, akatuluka woyera ngati mkaka ndiye kuti masili otchinga madzi atha, madzi akulowa. Lowetsani giya yakutsogolo ndi yakumbuyo mumve ngati ikudumpha. Tulutsani mapulagi muone. Ngati mungapeze makaniko wa geji yoyezera kompuresheni mutengeni, masilinda awiri asasiyane kwambiri. Ndipo nambala ya injini ikhalepo pa kachitsulo ka pokolera, ikakhala yopalidwa kapena kachitsulo kachotsedwa ndiye kuti mwina ndi yakuba, chokanipo, ngakhale mtengo ukome bwanji. Mukagula sinthani impela nthawi yomweyo osafunsa kuti inasinthidwa liti, ndi kachinthu kotchipa.

Kumanga n'kosavuta. Ikani pakati penipeni, mangani zomangira ziwiri zija ndi manja molimba, mubwerezenso mukayenda mphindi khumi chifukwa zimamasuka ndi kunjenjemera. Mangirirani injini ku boti ndi chingwe kapena katcheni kapadera, injini zambiri zomwe zili pansi pa madzi zinagwa pokhota. Kachitsulo kopendeketsera injini yambani nako pa bowo lachiwiri kuchokera ku boti, mphuno ikamadumphadumpha kabwezereni mkati, ikamalima madzi katulutseni bowo limodzi. Thanki ikhale chapakati kapena kutsogolo pang'ono kuti kulemera kugawike, kampira kopopera mafuta muvi wake uloze ku injini, ndipo tsegulani kabawuti ka mpweya pa chotsekera cha thanki, apo ayi injini izima mutangoyenda pang'ono.

Kachingwe kofiira kozimitsira injini kamangeni pa mwendo wanu kapena pa jekete nthawi zonse injini ikamalira. Mukagwa m'madzi kopanda kachingweko boti limazungulira lokha n'kubwerera pomwe muli, pulopela ikuzungulira.

Zotsala ndi katundu wa m'boti. Majekete oyandamitsa a aliyense, ovala osati okhalira, ndipo a ana akhale a saizi yawo. Nkhafi ziwiri, ine zinandifikitsa kumtunda tsiku lija. Chigubu chodulidwa chokapira madzi, chomangirira. Nangula wamng'ono wa makilogalamu awiri atatu, tcheni mamita awiri, ndi chingwe chotalika kasanu kuposa kuya kwa madzi omwe mumaimapo. Tochi, wezulo, mpeni, foni mu kathumba kosalowa madzi. Mu kabokosi ka zida muikemo pulagi yapadera ndi sipanala yake, pulayala, chingwe chokokera injini, ndi timapini ta pulopela ngati injini yanu ili ya mtundu womwe kapini kamathyoka mukagunda mwala. Boti lopopa onjezerani pampu ndi zigamba.

Mafuta agaweni patatu, gawo lopitira, lobwerera ndi lotsala. Injini yatsopano maola 10 oyamba musaithamangitse moto wonse nthawi yaitali, ndipo four-stroke musinthe oyilo ikakwana maola 20. Mukayenda m'madzi amchere itsukeni poiliza m'madzi abwino. Ulendo woyamba yendani pafupi ndi gombe, mukweze anthu omwe muziyenda nawo masiku onse, wina akhale kutsogolo, ndipo muzicheuka pafupipafupi kuona ngati kamadzi kaja kakulavulabe.